ADANI NDI ABWENZI A MTENGO WA ZIPATSO

Mwezi wa Disembala ukafika, palibe mudzi wa kuno kum'mawa umene usowa mango. Ana amadya kufikira milomo icita zironda, nkhumba zikhuta, ndipo pansi pa mitengo pamadzala zipatso zowola zimene munthu saziyang'ananso. Koma pa zaka izi ambiri a ife taona cobvuta cimene cikukulirakulira. Munthu athyola cipatso cooneka bwino kunja, acisenda, napeza m'kati muli mphutsi zoyera, ndi mnofu wosanduka madzi. Mai amene ananyamula dengu kunka nalo ku msika wa ku Katete kapena wa ku Chipata abwera nalo theka, pakuti ogula adziwa kale kuyang'ana timadontho takuda pa khungu.

Munthu akaona zotere, mtima wace umathamangira ku botolo la mankhwala a thonje amene anatsala caka catha. Abale, tiyambe ndi kucenjezana pa cimeneci. Mankhwala a thonje anapangidwira thonje, limene palibe munthu alidya. Mango ndi malalanje amathyoledwa ndi ana amene safunsa kuti mwapopera liti. Ndiponso mphutsi iri m'kati mwa cipatso, kumene mankhwala opopera kunja safika. Cotero munthu ataya ndalama, aika ana ace pa ngozi, ndipo mphutsi ikhala cikhalire. M'phunziro lino tifuna kuona njira zina, zimene zambiri zifuna maso, manja ndi khasu basi.

Nchenche ya zipatso

Mphutsi za m'mango sizibadwa zokha m'cipatso monga ena aganiza. Make wace ndi nchenche. Si nchenche ya pa dzala kapena ya ku cimbudzi ai, koma ina yocepa thupi, ya mawanga acikasu ndi mapiko oonekera. Iripo ya kwathu konkuno, imene kuyambira kale imakonda zipatso za mfula ndi mango. Koma iripo inanso yocokera ku Asia, imene inapezeka koyamba mu Africa m'dziko la Kenya m'caka ca 2003, ndipo m'zaka zowerengeka inafalikira ku maiko ambiri, kufikira kuno ku Zambia. Yacilendoyi ndiyo yoononga koposa, pakuti iswana msanga, ndipo sisankha: mango, magwafa, malalanje, mapapaya, zonse ndi zace.

Tsono tamvani makhalidwe ace, pakuti amene adziwa njira ya mbewa ndiye adziwa pochera diwa. Nchenche yaikazi iri ndi kambola kumbuyo kwace. Ibaya khungu la cipatso cimene cayamba kupsa, niikira mazira pansi pa khungulo. Yaikazi imodzi ikhoza kuikira mazira oposa 1,000 pa moyo wace. Mazira aswa patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mphutsi zidya mnofu kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Pa bala lija palowanso cibvundi, cipatso nicigwa cisanafike nthawi yace. Mphutsi zikakhwima zituruka, zidumphira pansi, nizilowa m'nthaka pang'ono pokha. M'menemo khungu lao liuma, nizikhala ngati njere za mpunga zofiirira. Patapita masiku ngati 10 muturuka nchenche zatsopano, zimene zikwera mu mtengo womwewo. Nyengo ikakhala yotentha, ulendo wonse kucokera ku dzira kufikira nchenche utenga masabata 3 kapena 4 okha.

Mwaona kodi pamene mdaniyu ali wofoka? Ali m'mwamba sitikhoza kumgwira, pakuti auluka. Ali m'cipatso ca pa nthambi sitimuona. Koma pali masiku ena pamene agona pansi, m'cipatso cogwa, alibe mapiko, alibe miyendo. Zipatso zowola zija zimene tizisiya pansi pa mtengo ndizo cikuta cace. Aliyense wosiya mango ogwa pansi akuweta nchenche monga momwe aweta nkhuku, kungoti sadziwa.

Nchito yace ndi iyi. Kuyambira pamene zipatso zoyamba zigwa, ngakhale zanthete, tolani zonse, kawiri kapena katatu pa sabata. Tsiku ndi tsiku ndiko kokoma koposa. Zimene ziri zabwino patsani nkhumba tsiku lomwelo. Zotsala kumbirani dzenje, ndipo dothi lokwirira pamwamba pa zipatsozo likhale la mkono wathunthu, ndiko kuti theka la mita, ndi kulipondaponda. Musanyengedwe ndi kadzenje kosaya, cifukwa nchenche yongobadwa imaboola dothi locepa nituruka. Amene ali ndi thumba lakuda la pulasitiki losabooka aikemo zipatsozo, amange kukamwa zolimba, nalisiye pa dzuwa sabata yathunthu; kutentha kupha mphutsi zonse, ndipo zotsalazo zisanduka manyowa. Kutaya zipatso pa dzala kapena kuseri kwa nkhokwe ndi kungosamutsa mdani, osamupha. Nkhuku ndi nkhanga zisiyeni zipalase pansi pa mitengo, pakuti zifukula njere zofiirira zija nizidya.

Pali cinthu cimodzi cimene cicititsa anthu ulesi pa nchitoyi, ndipo tisacibise. Nchenche sidziwa malire a munda. Inu mukatola zanu, koma mnansi wanu asiya zace, nchenche za kwace zidzadya kwanu. Ndi cifukwa cace nkhani iyi iyenera kufika pa bwalo kwa amfumu, kuti mudzi wonse upangane masiku otola, ndi kuti mitengo ya pa mabwinja ndi ya pa sukulu, imene iribe mwini woiyang'anira, ipatsidwe anthu. Magwafa asaiwalike, pakuti mango akatha nchenche imasamukira kumeneko, nidikira caka cina. Mutu umodzi susenza denga.

Ziripo njira zina zothandizira. Zipatso zogulitsa muzithyole zitakhwima koma zisanayambe kufewa, zikapsere m'nyumba, pakuti nchenche ikonda zakupsa. Amene ali ndi mitengo yaifupi ya mango a kumezanitsa, a zipatso zazikuru za mtengo wapatali, akhoza kubveka cipatso ciri conse kathumba ka pepala cikali caciwisi. Msampha upangidwa ndi botolo la pulasitiki: boolani timabowo 4 m'mbali ca kumtunda, thirani madzi osakaniza ndi shuga ndi isiti pang'ono, nimulipacike m'kati mwa mtengo pa mthunzi. M'masitolo a zaulimi mumapezekanso nyambo ya pfungo lokoka nchenche zazimuna. Koma tinene zoona: msampha umodzi kapena iwiri sutha nchenche. Phindu lace lalikuru ndi kukuuzani kuti mdani wafika. Msampha wopanda kutola zogwa uli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Abwenzi amene sitiwalipira

Si kacirombo kali konse ka mu mtengo kamene kali mdani. Ambiri mwa iwo akutigwirira nchito usana ndi usiku. Kuti timvetse ici, tamvani zimene zinacitika ku dziko lakutali.

Ku California, m'dziko la America, kuli minda yaikuru ya malalanje. Ca m'ma 1868 kunafika kacirombo koyera ngati thonje, kokakamira pa nthambi ndi kuyamwa madzi a mtengo. Kanacokera ku Australia. Pofika m'ma 1880 minda inali kufa, ndipo alimi ena anayamba kuzula mitengo yao ndi kuitentha. Anthu ena anzeru anafunsa kuti: nanga bwanji kwao ku Australia kacirombo aka sikaononga cotere? Anatuma munthu dzina lace Albert Koebele kukaona, ndipo iye anapeza kacikumbu kakang'ono kobulungira, kofiira ndi mawanga akuda, kamene cakudya cace ndi kacirombo koyera kaja. M'caka ca 1888 anatumiza tizikumbu towerengeka ku California. Tinaswana, ndipo cisanathe caka ca 1889 minda inacira. Mtendere unakhalapo zaka zoposa 50. Koma ca m'ma 1946 alimi anayamba kupopera mankhwala amphamvu ochedwa DDT. Mankhwalawo anapha tizikumbu tija, ndipo kacirombo koyera kanabweranso mwa unyinji, kufikira anthu anazindikira kulakwa kwao nabwezeramo tizikumbu.

Abale a kacikumbu kameneko ali m'minda yathu. Mukaona kacikumbu kobulungira ngati theka la nandolo, kosalala ndi konyezimira, kakuyenda pakati pa nsabwe za pa masamba, musakaphe. Ana ace saoneka bwino, ali ngati ting'ona tating'ono takuda, ndipo ambiri amawapha poyesa kuti ndiwo akuononga, pamene iwo ndiwo adya nsabwe koposa akuru. Momwemonso akangaude, ciswambiya, abuluzi, mileme ndi mbalame. Birimankhwe amene ana amamponya miyala, tsiku lonse amakhala akusaka tizirombo pa nthambi. Anyamata a malegeni auzidwe kuti timbalame ta m'munda wa zipatso tiri pa nchito.

Ngakhale nchenche ya zipatso iri ndi mdani wace, ndiwo timavu tating'ono tosaluma munthu, timene tiikira mazira ao m'kati mwa mazira a nchenche. M'caka ca 2006 akatswiri a bungwe la icipe, la ku Nairobi, anatenga mtundu wina wa timavuti ku Hawaii kudza nato ku Kenya. Iwo aphunzitsanso alimi kumanga kahema kotsekeka koponyamo zipatso zogwa, kokhala ndi zenera la sefa wa maso ang'ono: nchenche zobadwira m'menemo zikanika kuturuka nizifa, koma timavu, pokhala tocepa, tipyola nitibwerera ku mitengo.

Ku malo otentha kumapezeka nyerere zofiira zazitali miyendo, zimene zimasoka masamba amoyo pamodzi kumanga zisa m'mwamba. Zimaluma, ndipo wokwera mu mtengo sazikonda. Koma mtengo umene ziri sufikiridwa kawirikawiri ndi mbozi, ndipo nchenche iopa kutera pamene zayenda. Buku lina la ku China la m'caka ca 304 linena kuti alimi a malalanje a kumeneko anali kugula zisa za nyerere za mtundu wotere pa msika, kukazipacika m'minda yao. Ife timazitentha ndi muuni wa udzu.

Nsabwe, nyerere zakuda ndi mwaye

Pa malalanje ndi mandimu, masamba anthete akaphuka, mumaona nsonga zitapiringizika, ndipo kunsi kwace kuli nsabwe zakuda kapena zobiriwira. Pa nthambi pamakhalanso tizirombo tina tosayenda, tokakamira ngati nkhanambo. Tonseti tiyamwa madzi a mtengo, nititurutsa timadzi totsekemera tonga uci. Timadzi timeneti tikagwera pa masamba pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye wa m'khichini, yotsekereza dzuwa. Anthu ambiri amayesa mwayewo ndiyo nthenda, koma uli cizindikiro cabe. Mukacotsa zoyamwa, mwaye uuma nukanganuka wokha.

Yang'anani pa thunthu la mtengo wotere, mudzaona mzere wa nyerere zakuda zikukwera ndi kutsika. Izi ndi abusa. Zimakama nsabwe monga munthu akama ng'ombe, ndipo pofuna kusunga ziweto zao zimapitikitsa tizikumbu tija ndi timavu. Cotero njira yoyamba ndi kutseka msewu wa nyerere. Dulani nthambi zonse zokhudza pansi, kapena mpanda, kapena denga. Kenaka kulungani thunthu ndi kansaru kapena pepala lolimba, m'lifupi ngati cikhatho, ndi kupaka ulimbo kapena girisi pamwamba pa kansaruko. Musapake girisi pa khungwa lenileni, awononga mtengo, makamaka waung'ono. Pfumbi likaphimba, pakaninso, ndipo muzimasula cingwe mtengo ukamanenepa. Abusa akacoka, adani a nsabwe atsiriza nchito okha m'masabata owerengeka.

Nsabwe zikacuruka pa kamtengo kakang'ono, madzi a sopo akwanira. Palani sopo wa mtanda, wodzala supuni yaikuru imodzi, musungunule mu lita imodzi ya madzi. Sopo wa ufa wocapira zobvala ai, amawaula masamba. Wazani madzulo dzuwa litapepa, ndipo madziwo afike kunsi kwa masamba, cifukwa sopo apha cokhaco cimene wacinyowetsa. Yambani ndi nthambi imodzi, muone m'mawa mwace ngati masamba sanapse.

Pa mitengo yomweyi pali mbozi ina yocenjera. Ikali yaing'ono ioneka ndendende ngati citosi ca mbalame, cakuda ndi coyera, ndipo munthu aipitirira. Ikakula isanduka yobiriwira, ndipo mukaikhudza iturutsa tinyanga tiwiri tonunkha. Make wace ndi gulugufe wamkuru wakuda wa mawanga acikasu. Mtengo waukuru suimva, koma mbande ya caka cimodzi ikhoza kutha masamba onse m'masiku ocepa. Mankhwala ace ndi zala ziwiri, m'mawa uli wonse.

Ciswe

Ciswe ndico cimaliza mitengo yambiri yongobzala, makamaka bulugama ndi mitengo ya zipatso ya kumezanitsa, ndipo cimabwera m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala pamene nthaka yauma. Cizolowezi cace ndi kuyamba ndi mtengo wofoka: wa ludzu, wopindika mizu m'cubu, kapena wotemedwa ndi khasu polima. Cotero kuthirira ndowa imodzi kapena ziwiri pa sabata m'cirimwe ndiwo mankhwala oyamba a ciswe. Bzalani mvula itakhazikika, kuti mizu ipite pansi cirimwe cisanadze. Udzu wophimbira nthaka ndi wabwino, koma usakhudze tsinde; siyani mpata wa cikhatho cimodzi pozungulira. Zikhomo zouma zocirikizira mbande zimaitana ciswe, muzizule zikatha nchito. Phulusa la nkhuni, losakaniza ndi dothi la m'dzenje pobzala, ndi lowaza mozungulira mtengo, limathandiza, ngakhale lifuna kubwereza. Ndipo mukaona dothi lomatidwa pa thunthu, likokoteni tsiku lomwelo, kuti nyerere ndi nkhuku zione nyama.

Mankhwala a ku zomera

Tasunga nkhani iyi kumapeto mwadala, pakuti anthu ambiri akamva za njira zacilengedwe amaganiza msanga za kusinja masamba. Mankhwala otere ali ndi malo ace, koma ndi a pambuyo, zina zija zitalephera.

Woyamba ndi nimu, mtengo wocokera ku India. M'caka ca 1959 katswiri wa ku Germany, Heinrich Schmutterer, ali ku Sudan, anaona dzombe litadya zomera zonse, koma mitengo ya nimu iri ciimire ndi masamba ace. Kuyambira pamenepo anthu anaufufuza kwambiri. Mphamvu yace yaikuru iri m'njere, yocepa m'masamba. Tolani zipatso zakupsa, cotsani mnofu, yanikani njere pa mthunzi. Sinjani magalamu 500, ndiwo ngati manja odzala 10, mubviike m'malita 10 a madzi usiku wonse. M'mawa sefani ndi nsaru, onjezani sopo pang'ono, ndipo muwaze madzulo a tsiku lomwelo, ndi mpope kapena ndi tsace la udzu. Musayembekeze kuona mbozi zikugwa pomwepo. Nimu sapha ngati mphezi. Acititsa kacirombo kuleka kudya ndi kulephera kufundula, nikafa patapita masiku. Dzuwa limatha mphamvu yace msanga, cotero mubwereze ikatha sabata. Cenjerani kusasokoneza nimu ndi indya, pakuti masamba ao afanana. Maluwa a nimu ndi oyera, a indya ndi ofiirira motuwa, ndipo zipatso za indya ndi zaululu kwa ana ndi kwa nkhumba.

Waciwiri ndi mthuthu, umene ena amaucha ombwe, ndipo anzathu a Cibemba amati ububa. Alimi ambiri a kuno anaulandira m'zaka za m'ma 1990, pamene akatswiri a ku Msekera, pafupi ndi Chipata, anali kuphunzitsa kubzala mitengo yobwezera conde m'minda yogonera. Masamba ace ouma ndi osinja, kilogalamu imodzi m'malita 10 a madzi a sopo pang'ono, obviikidwa usiku wonse, apha nsabwe ndi mbozi zazing'ono. Ofufuza anapeza kuti mitengo ina ya mthuthu iribe mphamvu imeneyi ngakhale ioneka cimodzimodzi; cotero ngati wanu sugwira nchito, pemphani mbeu kwa mnzanu amene wace ugwira. Tsabola wowawa ndi adyo, zosinja ndi kubviika momwemo, zimaingitsa tizirombo tina kwa masiku ocepa.

Fodya tikuti msiyeni. Inde madzi ace apha tizirombo, koma ululu wace ulowa ndi pa khungu la munthu, ndipo upha abwenzi onse a mtengo pamodzi ndi adani.

Pano pali kulakwa kumene tiyenera kukukonza. Anthu amati, "Ndi masamba cabe, sangapweteke." Kodi mwabvi si khungwa la mtengo? Mthuthu ndi womwe uja anthu akale anali kuphera nsomba m'madziwe, cinthu cimene lamulo la dziko lino liletsa. Cifukwa cace posinja mangani kansaru pa mphuno ndi pakamwa, ndipo mtondo wace ukhale wa nchito yokhayo, wosasinjiramo nsinjiro. Powaza imani kumene kucokera mphepo. Mitengo ikakhala pa maluwa, monga mango m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, musawaze kanthu kali konse, pakuti njuci ndi nchenche za maluwa ndizo zibereketsa mtengo, ndipo mukazipha mudzaona maluwa ambiri, zipatso zocepa. Zipatso zowazidwa zidikire sabata zisanadyedwe, ndipo zitsukidwe. Zotsala m'ndowa musasunge m'botolo la zakumwa m'nyumba muli ana. Thirani m'kadzenje nimukwirire. Ndowa ndi nsaru yosefera muzitsukire pa mtunda, kutali ndi citsime, ndi dambo, ndi dziwe la nsomba.